Kabuleta ya SU ikamangosokonekera: mafuta kuchuluka lero, kuchepa mawa

Morris Minor 1000 imene ndimayendetsa inali ya malume anga, ndipo pobwera m'manja mwanga inabwera ndi matenda ake. Ndikaichuna Loweruka, inkalira bwino mpaka cha Lachitatu. Pofika Loweruka linalo utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, fungo la petulo ladzaza m'kati, mapulagi ali bii ndi mwaye. Ndikabweza nati yochunira mafuta ya pansi pa kabuleta kuti mafuta achepe, m'mawa mwake inkakana kuyenda popanda tchoki (chokoka choonjezera petulo injini ikazizira), n'kumatsokomolera pa kabuleta ikamakwera chitunda. Ndinatha miyezi inayi ndikuzunguza nati imodzimodziyo. Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire, makaniko wa magalimoto akale, amene anangoyang'ana n'kundiuza kuti natiyo ndiisiye chifukwa nati siyenda yokha usiku. Ngati munachuna bwino dzulo ndipo lero zasintha, ndiye kuti chasintha n'china, osati natiyo. Zonse zimene ndalemba apa zatsamira pa mfundo imeneyi.

Injini ya petulo imafuna mpweya wochuluka kwambiri kuposa mafuta: pa kulemera kwake, magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo wosasakaniza. Ntchito ya kabuleta n'kusunga muyeso umenewu kaya galimoto yaima, kaya ikuthamanga. Ya pa Minor ya injini ya 1098cc ndi SU HS2, ndipo ndi yosavuta kuimvetsa mukaitsegula kamodzi. Ili ndi jeti imodzi yokha, kapaipi kamene petulo amatulukirapo. M'jetimo mumalowa singano yosongoka pang'onopang'ono, yomangiriridwa ku pisitoni imene imakwera ndi kutsika m'chivindikiro chooneka ngati belu. Mukaponda mafuta, injini imakoka mpweya wambiri, pisitoni imakwera, singano imatuluka m'jeti, mpata umakula, petulo amadutsa wambiri. Pambali pali kambale ka fuloti (kachoyandama kotsekera petulo akadzaza) kamene kamasunga petulo pa mlingo umodzi. Kabuleta za SU mudzazipezanso pa Mini, MG Midget ndi MGB, choncho zambiri mwa izi zigwiranso ntchito kumeneko.

Dziwani kaye mbali imene vuto lapendekera

Mafuta akachuluka, ekizozi imatulutsa utsi wakuda wonunkha petulo ndipo maso amalasa mukaima kumbuyo. Injini ikamalira poima imakhala ngati ikudumphadumpha mwa ndondomeko yake, kukwera n'kutsika mofanana. Mapulagi amakhala ndi mwaye wouma, wofewa ngati wa pa nyali ya koloboyi, woti mukaupukuta ndi chala umachoka. Mafuta akachepa, kulira kwake kumakhala kosalongosoka, kodukizadukiza popanda ndondomeko. Injini imatentha msanga, imafooka pa chitunda, imaphulitsira kumbuyo kudzera pa kabuleta, ndipo mapulagi amayera mbee ngati phulusa. Mukakoka tchoki pang'ono injini ili yotentha n'kuona kuti yapeza mphamvu, umenewo ndi umboni wokwanira kuti ikuperewera mafuta.

Musasokoneze mitundu ya utsi. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa, woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi. Pulagi yakuda koma yonyowa ndi yonona ikunena za maringi kapena mavavu, kabuleta ilibe mlandu pamenepo.

Pa ziwirizi, chimene ndimaopa kwambiri ndi kuchepa kwa mafuta. Kuchuluka kumakudyerani ndalama ndipo kumasungunula oyilo wa m'injini, koma kumaonekera poyera. Kuchepa kumagwira ntchito mwakachetechete: galimoto imaoneka ngati ikusunga petulo, chonsecho vavu ya ekizozi ikupsa m'kati.

Musanakhudze kabuleta

Kabuleta imanamiziridwa kwambiri. Moto wofooka pa mapulagi umasiya petulo wosapsa, mapulagi amada, ndipo aliyense amathamangira kunena kuti mafuta achuluka. Choncho yambani ndi fila geji, timalata toyezera mipata, m'manja. Mpata wa mapointi (tizitsulo tiwiri totseka ndi kutsegula magetsi) mu distributor ya Lucas, chogawira moto ku mapulagi, ukhale pakati pa 0.35 ndi 0.40 mm. Wa mapulagi ukhale pafupifupi 0.64 mm. Mukasintha mpata wa mapointi taimingi, nthawi imene moto umafika pa pulagi, imasinthanso, ndiye muiyesenso pambuyo pake. Kachidendene ka mapointi kamene kamakhuza pa kamu, kachitsulo kozungulira kotsegula mapointiwo, kamatha pang'onopang'ono, makamaka kakakhala kouma kopanda girisi, ndipo kakamatha mpata umatsekeka. N'chifukwa chake galimoto yochunidwa bwino imayamba kusintha khalidwe pakangopita masabata angapo.

Mavavu nawo ali ndi nkhani yawo. Pa injini imeneyi mpata ndi 0.30 mm injini ili yozizira. Mitu ya injini za nthawi imeneyo ndi yachitsulo cha kasitayiloni, ndipo inapangidwa kuti izidalira petulo wokhala ndi mtovu (lead), amene ankateteza pokhalira vavu. Petulo wotere anasiya kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa Sahara chakumayambiriro kwa 2006. Popanda mtovu, vavu ya ekizozi imatha kumadzikumbira pokhalira pake pang'onopang'ono, makamaka pa maulendo aatali othamanga, ndipo mpata wake umanka nuchepa. Mukaona kuti mavavu a ekizozi akungothina mobwerezabwereza, lembani miyeso yake m'kabuku nthawi iliyonse. Ikamatsika mosalekeza, mutuwo ukufunika kuikidwa zokhalira zolimba ku malo okonzera injini. Kuzunguza nati ya jeti sikungachiritse zimenezo.

Fyuluta ya mpweya muichotse muiyang'anitse ku dzuwa. Fumbi la mwezi wa Okutobala limaitseka msanga kuposa mmene buku la galimotoyi la ku England limaganizira. Pobwezera, onetsetsani gasiketi ya pakati pa fyuluta ndi kabuleta: pamlomo wa kabuleta pali timabowo topititsa mpweya pansi pa pisitoni, ndipo gasiketi yoikidwa chadodolido imatitseka. Zikatero pisitoni sikwera bwino, galimoto imakhala yolemera ngati yasenza matumba.

Mafuta akamachuluka mobwerezabwereza

Choyamba kuyang'ana n'chosafuna sipanala. Pa HS2, tchoki sitseka mpweya ngati pa makabuleta ena. Imakokera jeti pansi kuti mpata wa petulo ukule. Mukabweza tchoki, jetiyo imayenera kubwerera m'mwamba n'kukagunda pa nati yake. Ikakalamba kapena ikachita litsiro, imakakamira panjira. Injini itazima, bwezani tchoki mpaka kumapeto, kenako pisani dzanja pansi pa kabuleta n'kukankhira mutu wa jeti m'mwamba ndi chala. Mukamva kuti "tapu", yakwera, mwalipeza vuto. Limeneli ndi limene linkandizunza ine: tsiku lina jeti inkabwerera, tsiku lina ayi, malinga ndi mmene ndakankhira tchoki m'mawa umenewo. Ndinatsuka timikono take, n'kudonthezera oyilo polumikizira, n'kumasula waya wa tchoki kuti ukhale ndi mpata wa pafupifupi 1.5 mm usanayambe kukoka. Utsi wa Loweruka lililonse uja unathera pomwepo.

Chachiwiri ndi kambale ka fuloti. Minor ili ndi pampu yamagetsi ya SU pansi pa boneti, ndipo pampu imeneyi imalankhula. Mukatembenuza kiyi osaliza injini, imagunda kuti thi, thi, thi, mofulumira, kenako pang'onopang'ono, kenako zii kambale kakadzaza. Ikapitiriza kugunda osaleka, mwina thanki yauma, mwina ikukoka mpweya penapake, mwinanso petulo akusefukira. Yang'anani pa chivindikiro cha kambaleko. Pakakhala ponyowa, zimitsani kiyi nthawi yomweyo, chifukwa pa injini imeneyi manifodi ya ekizozi, mapaipi otentha otulutsa utsi mu injini, ili pansi pomwepo.

Masulani tizomangira titatu ta chivindikirocho. Fuloti muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva petulo akuchita khuchukhuchu m'kati, yabooka ndipo ikumira. Kenako tulutsani kasingano kotsekera petulo kamene fuloti imakankha. Yendetsani chikhadabo pa nsonga yake. Kakakhala ndi mzera wokumbika mozungulira, katha ntchito, gulani kena pamodzi ndi pokhalira pake. Pomaliza tembenuzani chivindikiro chagada, fuloti itsamire yokha pa kasinganoko, muyese mpata wa pakati pa fuloti ndi mlomo wa chivindikiro. Pa fuloti ya pulasitiki ukhale pakati pa 3.2 ndi 4.8 mm. Ine ndimagwiritsa ntchito thako la kaboolero ka 4 mm: kakalowa mokhuza pang'ono, zili bwino.

Pansi pa kambale mukapeza tifumbi tofiirira ngati dothi la katondo, limenelo ndi dzimbiri la m'thanki. Kachidutswa kamodzi kakatsakamira pa kasingano, petulo amasefukira. Kakakokoloka, galimoto imachira yokha. Vuto lobwera n'kupita lotere silithetsedwa ndi kutsuka kabuleta kokha. Ikani fyuluta ya petulo yoonekera m'kati pa paipi, ndipo ikamada msanga tsitsani thanki mukaitsuke. Petulo wa m'zigubu, amene ambirife timagula mafuta akasowa, muzimusefa pa nsalu yoyera musanathire.

Onaninso ngati wina anasintha pampu. SU imafuna pampu yofatsa, yosapitirira 3 psi pa mphamvu yokankhira petulo. Pampu ya galimoto ina yamphamvu kuposa pamenepa imagonjetsa fuloti, ngakhale yatsopano.

Zonsezi zikakhala bwino, mwatsala ndi singano ndi jeti zenizenizo. Pa HS2 zakale singano ndi yomangidwa nji, ndipo imayenera kulowa pakatikati pa jeti osakhudza m'mbali. Chotsani fyuluta ya mpweya, masulani kapu yotsekera ya pamwamba pa belu, kwezani pisitoni ndi chala n'kuisiya. Igwe yokha mosakakamira n'kumveka kuti "kha" pofika pansi. Ikapanda kumveka, jeti sili pakati, ndipo singano yakhala ikukhuza kwa zaka. Mudzaona mbali imodzi ya singano yowala kuposa inzake, bowo la jeti litasanduka ngati dzira. Kabuleta yotere singachunike: mukaikonza poima imachepa mafuta panjira, mukaikonza panjira imachulutsa poima. Sinthani zonse ziwiri, ndipo pomanga singano phewa lake lifanane ndi pansi pa pisitoni. Zilembo zodindidwa pa thako la singano yakale muzilembe musanaitanitse ina, chifukwa masingano a SU alipo mitundu yambirimbiri yofanana pa maso koma yosiyana kasongokedwe.

Mafuta akamachepa mobwerezabwereza

Kawirikawiri mafuta sakhala atachepa, koma mpweya ukulowa pakhomo lakuseri. Mpweya uliwonse wolowa pakati pa kabuleta ndi injini sunadutse pa jeti, ndiye sunatenge petulo wake. Malo ake ndi odziwika: gasiketi za pansi pa kabuleta, gasiketi yaitali ya manifodi, kapaipi kopita ku distributor, ndi mtengo wachitsulo umene kachitseko ka thirotulo, kotseguka mukaponda mafuta, kamazungulirapo. Tengani paipi ya labala yotalika ngati mkono, mbali ina pakhutu, inayo muziyendetsa m'malo amenewa injini ikulira. Pobooka pamamveka kamluzu. Ambiri amapopera mankhwala otsukira kabuleta n'kumvetsera ngati kulira kwasintha; njirayi imagwira, koma pamwamba pa ekizozi yotentha ine sindiikonda, ndipo amene akuichita akhale ndi chozimitsira moto pafupi.

Mtengo wa thirotulo ndiwo umavutitsa anthu ambiri. Ugwireni ndi zala muugwedeze m'mwamba ndi pansi. Ukamasewera, ukulowetsa mpweya, ndipo kuchuluka kwa mpweyawo kumasintha nthawi iliyonse mukachotsa phazi, n'chifukwa chake injini pena imalira mokweza poima, pena imafuna kuzima. Kuti mutsimikize, matani girisi wolimba mbali zonse ziwiri pamene mtengowo watulukira. Kulira kukakhazikika kwa kanthawi, mwaugwira. Mankhwala ake ndi mtengo watsopano ndi mabushi, ntchito ya munthu wa makina osulira zitsulo. Choopsa n'chakuti munthu amaphimba kubooka kumeneku potsitsa jeti kuti injini ilire bwino poima, kenako panjira, pamene kampweya kakubako sikakhalanso ndi mphamvu, mafuta amachuluka. Galimoto imodzi imaonetsa matenda onse awiri, mwiniwake n'kusokonezeka mutu.

Ngati galimoto imadodoma pokhapokha mukaponda mafuta mwadzidzidzi, yang'anani oyilo wa m'belu. SU ilibe kapampu kothira petulo poponda ngati makabuleta ena. M'malo mwake oyilo amachedwetsa pisitoni kukwera, ndipo kuchedwa kumeneko ndiko kumakoka petulo woonjezera. Thirani oyilo wopepuka wa SAE 20 mpaka apitirire pang'ono, ngati 13 mm, pamwamba pa kamtengo ka mphako ka pisitoni. Pobwezera kapu muzimva kulimba musanafike pa mazinga. M'kati mwa belu muzipukuta ndi nsalu yonyowetsa petulo basi. Sandipepa asafikeko, chifukwa mpata wa pakati pa belu ndi pisitoni unayesedwa ku fakitale, ndipo ukakula kabuletayo yatha.

Ikamafooka pokhapokha mwathamanga kwa mphindi zingapo kapena pa chitunda chachitali, n'kuchira mukaima pang'ono, petulo sakufika wokwanira. Imani, tsegulani chivindikiro cha thanki mukumvetsera. Chikapuma kuti "fuu", kabowo kake kopumira katsekeka. Apo ayi, ndi fyuluta yodzaza, mapointi a m'pampu otha, kapena paipi ya petulo yodutsa pafupi ndi ekizozi imene ikuwiritsa petulo masana kukatentha.

Petulo wathu ndi mapiri athu

Buku la galimotoyi linalembedwera petulo wosasakaniza, m'dziko lozizira ndi lotsika. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol ali kale ndi okosijeni m'kati mwake, ndipo payekha amafuna magawo 9 okha a mpweya. Tanthauzo lake n'lakuti kabuleta yochunidwa ndendende monga mwa buku imapendekera ku kuchepa mafuta, ndiye musadabwe nati yanu ikakhazikika pansi pang'ono kuposa pamene buku likunena. Ethanol amayamwanso chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda, ndipo amaumitsa labala wakale. Pa HS2 malo oyamba kudontha ndi kalabala kotsekera pamene kapaipi ka jeti kamalowa pansi pa kambale ka fuloti. Mapaipi onse a labala musinthe ndi opirira ethanol, ndipo galimoto yoti ikhala miyezi osayenda musaisiye ndi petulo m'kambale.

Kukwera kwa malo kumakokera mbali inayo. Mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mamita 1,000 aliwonse. Galimoto yochunidwa ku Chikwawa idzachulutsa mafuta ikafika ku Dedza, kumene kuli pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo yochunidwa mothina ku Dedza idzaperewera ikatsikira ku Salima. Muichunire kumene imakhala masiku ambiri. Ngati mumakhala kumtunda koma mumatsikira kunyanja kapena ku chigwa cha Shire kawirikawiri, isiyeni yopendekera pang'ono ku mafuta ambiri.

Tsopano mutha kugwira nati

Nati ya jeti ili ndi mbali zisanu ndi imodzi, ndipo timawerenga mbali zimenezi, osati kuzungulira kwathunthu. Kuikweza kumachepetsa mafuta, kuitsitsa kumaonjezera. Ngati yazunguzidwa kwambiri moti simukudziwanso pamene ili, chotsani belu ndi pisitoni, kwezani nati mpaka mlomo wa jeti ufanane ndi pamlatho, kamtunda ka m'kati mwa kabuleta pamene yatulukira, kenako itsitseni mbali 12. Mukabwezera pisitoni ndi belu, pamenepo injini iyenera kulira. Ikani kadontho ka penti pa mbali imodzi kuti musataye chiwerengero.

Yendetsani galimoto mpaka itenthe bwinobwino, tchoki itabwezedwa. Sunthani nati mbali imodzi, dikirani masekondi angapo, mvetserani. Mukufuna pamene injini ikulira mofulumira ndi mosalala kuposa pena paliponse. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu, pondani mafuta kwa theka la mphindi kuti petulo wodikha m'manifodi apse, chifukwa amanamiza khutu. Kulira kukakwera, kubwezeni ndi sikulu ya thirotulo.

Poyesa, pansi pa belu m'mbali muli kapini kokwezera pisitoni. Kakankheni mpaka mumve kakhudza, kenako kwezani pang'ono kwambiri, osafika milimita imodzi. Injini ikakweza kulira n'kukhala pomwepo, mafuta achuluka, kwezani nati mbali imodzi. Ikafooka n'kufuna kuzima, achepa, itsitseni. Ikakweza pang'ono kwa kamphindi n'kubwerera, mwafika. Mukapezeka kuti mwachoka pa 12 paja ndi mbali zoposa zinayi kapena zisanu kuti injini ilire bwino, imani mubwerere m'mbuyo, pali chimene mwachidumpha.

Mapulagi musawawerenge galimoto italira poima nthawi yaitali. Pezani msewu wautali wopanda anthu ambiri, yendani pa liwiro limodzi kwa makilomita angapo, pondani kilatchi, zimitsani injini, imani pambali n'kumasula pulagi imodzi yakutsogolo ndi ina yakumbuyo. Ndi petulo wa masiku ano mtundu wabwino ndi wotuwa mopita ku khofi wamkaka, wopepuka kuposa umene achikulire anazolowera nthawi ya mtovu. Zakutsogolo ziwiri zikasiyana kwambiri ndi zakumbuyo ziwiri, kabuleta imodzi singachite zimenezo. Funani kubooka pa gasiketi ya manifodi mbali yoyerayo.

Amene muli ndi Beetle kapena Peugeot 504 ya kabuleta ya Solex, Land Rover ya Zenith, kapena Nissan 1400 ya Hitachi, ndondomeko ndi yomweyi koma kumbukirani kusiyana kumodzi. Pa makabuleta amenewo kasikulu ka mafuta kamalamulira kulira kwa poima kokha. Panjira amalamulira ndi majeti a m'kati, amene sachunidwa, amangotsukidwa kapena kusinthidwa. Jeti yotsekeka muipemerere ndi mpweya wa pampu. Kawaya kamakulitsa bowo ndipo silibwereranso. Kasikuluko pomanga kafikitseni pansi mofatsa ndi zala ziwiri, chifukwa nsonga yake ikapindika kapena kukumbika, mudzafunika kena musanayambe n'komwe kuchuna.